Tili ndi Yani? Mfundo Zofunika Kuchokera ku Photsaneng

Loweruka lina m'mawa ndinali pampopi wa kuseri kwa nyumba ndikuchapa ovolosi yanga, pamene kamdzukulu ka mayi amene ndimachita lendi pakhomo pawo kanabwera n'kuima patsogolo panga, nsapato katavala kale. Banja lonse linali paulendo wa ku tawuni ya Rustenburg kukagula zofunika za mwezi wonse. Kanandiyang'ana n'kufunsa m'Chingerezi kuti, "Malome, are you coming with?" Ndinaima thovu lili m'manja, kudikira kuti kamalize funsolo. Ndisanabwere kuno ndinaphunzitsapo ana kupulayimale kwathu ku Ntcheu, ndipo ndinkawauza kuti liwu lakuti *with* siliyenda lokha, limafuna dzina la munthu kapena la chinthu motsatana nalo. Koma mwanayo anali atamaliza. Kuno amayankhula choncho, potengera Chiafrikaans chimene chimati *kom saam*. Malo a dzina amawasiya osatseka ngati khomo la paukwati, kuti wofuna alowe. Ndinayanika ovolosi ija n'kupita nawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo kaliwu kameneka sikanachoke m'mutu mwanga.

Kuno ndi ku Photsaneng, umodzi mwa midzi 29 ya Abafokeng, kum'mawa kwa Rustenburg ukamalowera ku Marikana. Ukatuluka pakhomo umaona nsanja za migodi ndi milu yotuwa ya dothi lotsala poyenga miyala. Pansi pa mapazi athu pali pulatinamu, amene dziko la South Africa limakumba pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a dziko lonse lapansi. Pamwamba pake tadzazana anthu a mitundumitundu: Atswana eni nthaka, Axhosa a ku Eastern Cape, Asotho, a ku Mozambique, a ku Zimbabwe, ndi ife Amalawi, ena mumgodi, ena owotcherera zitsulo, ena osoka, ena omanga. Pamalo otere, funso lakuti uli ndi yani limatha kukudyetsa kapena kukugoneka ndi njala, ndipo tsiku lina limakupulumutsa kumene. Tiyeni, abale anga, tikhale pansi tiswe kaliwu kameneka ngati mtedza, pamodzi ndi mnzake wa m'Chichewa, *ndi*, tione zimene zili m'kati.

1. Ntchito ya mperekezi ndi yaikulu ngakhale dzina lake silitchuka. Amene anakonza malamulo a chiyankhulo chathu anapeza dzina lokoma la timawu ta mtundu umenewu. Anatitcha aperekezi. Ndani wa ife sadziwa kuperekeza? Mlendo akatsanzika sitimusiya pakhomo. Timamunyamulira chikwama, timayenda naye mpaka pamphambano kapena kutsidya kwa dambo, ndipo nkhani zina zofunika zimatulukira panjira pomwepo. Mperekezi ulendo si wake, kumene mlendo akupita iye sakafikako, komabe popanda iye mlendo amachoka ngati wopirikitsidwa. *With* ndi *ndi* amagwira ntchito yomweyo m'chiganizo. Paokha salozera chinthu chimene ungachigwire m'manja, koma ukawachotsa, mayina amangoti mbwee ngati mikanda yoduka ulusi. Mumgodi zilinso chimodzimodzi. Anthu amatchula woboola mwala, pakuti makina ake ndi amene amamveka. Koma kodi akanaboola bwanji pakanapanda mayi wa m'chipinda cha nyali amene anaonetsetsa kuti batire la nyali ya pachipewa chake ladzaza, woyendetsa chikepe amene anamutsitsa, ndi wochirikiza denga kuti lisamugwere? Ambiri a ife Mulungu anatiika kukhala aperekezi pantchito, mumpingo ngakhale m'banja. Tisadzione ngati otsalira. Tigwire ntchito yolumikizayo mokhulupirika, ngakhale pa tsiku limene palibe wotiyamika.

2. Woyang'anizana nawe lero akhoza kudzayenda nawe mawa. Nditayamba kufufuza mbiri ya kaliwuka ndinapeza chinthu chimene chinandikhazika pansi. Zaka 1,000 zapitazo, m'Chingerezi chakale, *with* sankanena za kukhala pamodzi ayi. Ankanena za kutsutsana, kuima maso ndi maso ndi wina ngati adani pankhondo. Liwu la umodzi linali lina, *mid*, m'bale wake wa *met* amene timamumva mpaka lero kwa oyankhula Chiafrikaans. Pang'ono ndi pang'ono *with* anayamba kulowa m'malo a *mid*. Akatswiri ambiri amaganiza kuti chiyankhulo cha Maviking, amene anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England, chinathandizira, popeza liwu lawo lofanana nalo linkasenza matanthauzo onse awiri. Pofika zaka za m'ma 1400, *mid* anali atazimirira, n'kungotsala m'mawu ochepa monga *midwife*, mzamba, kutanthauza amene amakhala ndi mayi pa nthawi yochira. Tanthauzo lakale la *with* nalo silinafe lonse. Likubisalabe mu *withstand*, kulimbana ndi chinthu osagonja, ndi mu *withhold*, kumana munthu chimene amayembekezera.

Kodi liwu la udani linasanduka bwanji kukhala la ubale? Ndikasinkhasinkha sindiona chachilendo. Kuti anthu awiri akangane ayenera kuyandikana. Amene ali kutsidya kwa nyanja sukangana naye. Ndipo mmene anthu amakhalira moyang'anizana pabwalo la milandu ndi mmenenso amakhalira pozungulira mbale ya nsima. Abafokeng akudziwa zimenezi. Analimbana ndi kampani ya Impala Platinum m'makhoti kwa zaka pafupifupi 10 pa nkhani ya malipiro a miyala yokumbidwa m'nthaka yawo. Mu 1999 mbali ziwirizi zinagwirizana kuti mtunduwo uzilandira magawo 22 pa 100 alionse a phindu lochokera m'nthakayo, ndipo patapita zaka zingapo malipirowo anawasandutsa masheya a m'kampani momwemo. Amene ankakumana pamaso pa woweruza anayamba kugawana zokolola ngati anthu olima munda umodzi.

Inenso ndili ndi mnzanga wa Chixhosa amene tinadziwana pokanganirana malo pamzere wa pampopi, madzi atavuta. Tinaponyerana mawu owawa, ndipo masabata angapo tinkadutsana osapatsana moni. Patatha miyezi iwiri chibayo chinandigwira usiku. Amene anagogoda makomo kufunafuna galimoto anali iyeyo, chifukwa chipinda chake n'chimene chinagundizana ndi changa ndipo anandimva ndikubuula. Pokangana tizisiyako mawu ena osanena, kuti mawa tidzathe kuyang'anana m'maso.

3. Tisanakweze dzanja, tidzifunse kuti tikumenyana ndi yani. Chingerezi chikati munthu *fought with* m'bale wake, sudziwa ngati awiriwo anamenyana okhaokha kapena anali mbali imodzi. Uyenera kumva nkhani yonse. Chichewa chathu chimasiyanitsa: pali kumenyana ndi munthu, palinso kumenyera limodzi chinthu. Dera lino linaona zonse ziwiri. Pa 16 Ogasiti 2012, pa kaphiri ka ku Marikana, kufupi ndi kuno, apolisi anawombera n'kupha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi wa Lonmin amene ankanyanyala ntchito pofuna malipiro a R12,500 pamwezi. Masiku ochepa tsikulo lisanafike, anthu ena 10 anali ataphedwa kale: 6 ogwira ntchito mumgodi, alonda 2 ndi apolisi 2. Onsewo anali anthu odikira malipiro a pamwezi, okhala ndi makolo ndi ana amene ankawayang'ana kunjira.

Mu 2014 tinaona mbali inayo. Kuyambira pa 23 Januwale mpaka chakumapeto kwa Juni, anthu pafupifupi 70,000 a m'migodi ya pulatinamu ananyanyala ntchito miyezi 5 motsogozedwa ndi bungwe la AMCU. Njala inalowa m'makomo, timashopu tinatseka, alandilodi anakhala miyezi osalandira lendi. Sindibisa kuti kunalinso kuopsezana, ndipo ena amene ankafuna kubwerera kuntchito anachitidwa chipongwe. Koma amene tinalipo tikukumbukira mphika umodzi ukudyetsa makomo atatu, ndi anthu osamvana chiyankhulo akugawana kasupuni ka mchere.

Ife Amalawi timadziwanso mmene zimakhalira wosauka akatembenukira wosauka mnzake. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa m'dziko muno pa zipolowe zopirikitsa obwera, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga anthu ake. Mu Epulo 2015 mabasi anabweranso. Kodi amene anawotcha kanyumba kamalata ka mnzake anapeza ntchito m'mawa mwake? Kodi mtengo wa ufa unatsika? Adani enieni a munthu wa kuno ndi njala, ngongole, fumbi lolowa m'mapapo ndi mwala wogwa kudenga, ndipo adani amenewa safunsa kumene unabadwira. Mkwiyo uli ngati moto wa kutchire. Ukauyatsa osayang'ana kumene mphepo ikulowera, umayamba ndi nkhokwe yako yomwe.

4. Chimene tili nacho tangokhala nacho kwa kanthawi. Apa Chichewa chikuposa Chingerezi nzeru, ndipo ndikunena zimenezi mosakayika. Mngerezi ali ndi mneni wapadera, *have*, wonena za umwini. Ife tilibe. Timati ndili ndi ndalama, ndili ndi mbuzi, ndili ndi mwana, monga momwe timanenera kuti ndili ndi mlendo kunyumba. Mtswana nayenso amati *ke na le madi*, ndili ndi ndalama, kamangidwe kake komweko. Ndipo mundilole ndipatuke pang'ono: *madi* yemweyo m'Chitswana amalembedwa chimodzimodzi ponena magazi, chinthu chimene munthu wa mumgodi safuna womumasulira. Ngakhale Mngerezi, akafuna kunena mwaulemu za mayi woyembekezera, amasiya *have* n'kunena kuti mayiyo ali *with child*, monga ife timati ali ndi pakati. Makolo athu anaona kuti chuma sitichimeza n'kusanduka thupi lathu. Timangoyenda nacho, ndipo woyenda naye amatha kupatuka pamphambano. Timatinso ndili ndi njala, ndili ndi chisoni, ndili ndi ngongole, ndipo pamenepa pali chitonthozo, pakuti nazonso ndi zobwera ndipo zili ndi tsiku lake lotsanzika.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mwambiwu ndimaukumbukira ndikamadutsa pa Phokeng, likulu la Abafokeng, pakuti dzinali amalimasulira kuti malo a mame, ndipo eni akewo amadzitcha anthu a mame. Anthu a mame amenewa anadziwa chochita ndi chinthu chosachedwa kukamuka. M'zaka za m'ma 1800, Mabunu atatenga nthaka ya dera lino, mfumu Mokgatle inatumiza magulu a anyamata ku migodi ya dayamondi ku Kimberley. Pobwera ankapereka gawo la malipiro awo m'thumba la mtundu wonse, ndipo ndi ndalama zimenezo anagulanso nthaka ya makolo awo. Popeza malamulo a nthawiyo sankalola munthu wakuda kulembetsa malo m'dzina lake, ina anailembetsa m'dzina la m'mishonale wa mpingo wa Lutheran, Christoph Penzhorn. Mokgatle anamwalira mu 1891 asakudziwa chimene chinagona pansi pa nthakayo. Mzere wa miyala ya pulatinamu umene unatchedwa dzina la Hans Merensky unapezeka mu 1924, ndipo posakhalitsa anaulondola mpaka kuno. Bwalo la Royal Bafokeng, limene linachititsa masewera ena a World Cup mu 2010, laima pa thukuta la anyamata aja a ku Kimberley.

Nanga ife? Azigogo athu anapita ku Joni kudzera ku Wenela, azibambo athu kudzera ku Theba. Ena anabwera ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi sutikesi yachitsulo, ndipo patatha zaka zitatu zonsezo zinali zitagulitsidwa. Ena anabwera ndi zooneka zochepa, koma anagula ng'ombe, anafolera nyumba ndi malata, analipirira mwana sukulu, moti mpaka lero m'midzi mwathu timaloza kuti uyo ndi mphunzitsi chifukwa cha Theba ya bambo ake. Malipiro a mwezi uno ndi mame. Dzuwa lowakamutsa ndi mowa wa Lachisanu, foni yatsopano pamene yakale ikugwirabe, ndi wakatapila amene kuno amamutcha *mashonisa*, wosunga khadi lako la kubanki n'kumakatapa yekha tsiku lolandira. Tisanafike pamakina otapira ndalama, kodi tagamula kale kuti mame amenewa athirira chiyani?

5. Munthu timagwira naye ntchito, chida timachigwiritsa ntchito. Mperekezi mmodzi yemweyo amaperekeza chida ndi munthu. Timati ndikukumba ndi fosholo, timatinso ndikukumba ndi achimwene, ndipo Chingerezi chimachitanso chimodzimodzi. Pakamwa palibe kusiyana, koma mumtima kuyenera kukhalapo. Fosholo ikathyoka umaitaya n'kukatenga ina. Tikayamba kuona mnzathu ngati fosholo, timamufuna pamene tikusowa pogona, ndipo tikapeza ntchito nambala yake imasowa m'foni. M'migodi muno munakhazikika chiyankhulo cha Fanakalo, chomangidwa makamaka ndi mawu a Chizulu osakaniza ndi Chingerezi ndi Chiafrikaans. Chinathandiza anthu a mitundu yambiri kumvana pansi pa nthaka, ndipo azigogo athu anabwera nacho kumudzi. Koma chinakulira pa kulamula: tenga, bweretsa, fulumira. Ndi chiyankhulo chovuta kupepesera maliro. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa Mmalawi aliyense wofika kuno kuti aphunzire Chitswana, ngakhale atayamba ndi moni wokha. Tsiku limene ndinayamba kunena kuti *Dumela, Mma* kwa mayi a pakhomo pano, n'kuima kudikira yankho lawo mpaka kumapeto osathamangira basi, ndi tsiku limene ndinasiya kukhala munthu wa m'chipinda chachitatu n'kukhala malome wa adzukulu awo.

6. Kubwerera m'mbuyo nthawi zina ndiye kulimba mtima. *Withdraw* ndi liwu lina losunga tanthauzo lakale lija: kudzikokera kumbuyo, kuchoka pamene unali. Ambiri timalidziwira pamakina a ndalama, koma pansi pa nthaka limapulumutsa miyoyo. Gulu lisanayambe ntchito pamalo pamene paphulitsidwa, munthu amatenga chitsulo chachitali n'kumagogoda denga, khutu lili tcheru. Mwala wolimba umalira kuti nge! ngati belu. Wosweka m'kati umalira ngati mgolo wopanda kanthu. Malowo ndi opanikiza, munthu sungaimirire, thukuta lili kamukamu, ndipo aliyense akudziwa kuti bonasi ya mwezi ikudalira mamita amene gulu liboole. Lamulo la 1996 loona za umoyo ndi chitetezo m'migodi, pa gawo 23, limapatsa wantchito aliyense ufulu wochoka pamalo amene akuona kuti ndi oopsa. Ufuluwo unalembedwa, koma kuti ugwire ntchito pamafunika munthu mmodzi wolimba mtima wonena kuti, anzanga, denga ili sindikulikhulupirira, tiyeni tituluke. Ena amamuyang'ana m'mbali, mitima ili pa bonasi. Koma madzulo onse amakwera chikepe ndi miyendo yawo.

Moyo wa pamwamba ulinso ndi madenga olira ngati mgolo. Pali magulu amene tikamacheza nawo ndalama zimatha, pemphero limatha, ndipo foni ya kumudzi timayamba kuidula isanaitane kawiri. Pali chibwenzi chamseri chimene chikudya banja limene tinalisiya ku Mangochi kapena ku Mzimba. Pali anzathu otikopa kuti tikalowe m'migodi yotsekedwa kapena tikadule nthambo za kopa usiku. M'Chichewa, *ndi* wonena kuti uyu akuyenda ndi wakuba amalembedwa mofanana ndi *ndi* wonena kuti uyu ndi wakuba, ndipo pakati pa ziganizo ziwirizi mtunda ndi waufupi. Mwamwayi, mperekezi yemweyo timamugwiritsanso ntchito ponena za kusiyana ndi munthu kapena kulekana ndi chizolowezi. Tigogode denga la kumene timacheza, timvetsere bwino, ndipo likalira moipa tisachite manyazi kutuluka.

7. Wosowa ali panja, ndipo chitseko chili m'manja mwathu. *Without*, amene lero amanena za kupanda chinthu, poyamba ankatanthauza kunja, mnzake wa *within*, m'kati. Amene analumikiza kusowa ndi kukhala panja anaona zoona. Wopanda mapepala amakhala panja pa banki, panja pa ntchito yolembedwa, ndipo akadwala amazengereza kupita kuchipatala chifukwa cha mantha. Wopanda ntchito amayamba kudzipatula, kutchalitchi amasiya poti alibe chopereka. Mnyamata wotsika basi dzulo, kachikwama kali kumsana, m'thumba muli nambala ya foni imene sikuyankhidwa, ali panja pa zonse. Ife amene tinalowa kale, kodi taiwala amene anatitsegulira? Chilolezo chokhalira m'dziko sitingamupatse, pakuti ife si boma, ndipo tiyenera kumuuza zoona kuti akonze mapepala ake m'njira yolondola. Koma mphasa, mbale ya nsima, ndi kumuyendetsa kuti adziwe misewu ndi makomo opezako maganyu, zimenezo tili nazo.

Palinso ena amene ali panja chifukwa cha ife. Dzina lakuti matchona silinayambe dzulo. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi kwa zaka zingapo. Amenewo anafera panjira ya kwawo, mitima ili kwa akazi ndi ana awo. Koma panali ena, amoyo ndithu, amene anatsekera mabanja awo panja mwakachetechete: makalata anayamba kuchepa, kenako zii. Lero tili ndi WhatsApp ndi Mukuru, zinthu zimene azigogo athu sanazilotepo, komabe utchona sunathe. Kutumiza ndalama n'kofunika, ndipo wotumiza mokhulupirika ndimamulemekeza. Koma mwana amafunanso kumva bambo ake akufunsa kuti mayeso a masamu anayenda bwanji, ndipo mayi a kunyumba amafuna kufunsidwa nzeru, osati kungotumiziridwa nambala yokatengera ndalama. Makilomita oposa 1,500 ali pakati pathu, inde, koma kodi ndi amene akutiletsa kuimba foni Lamlungu madzulo?

8. Potsanzikana timasiya munthu m'manja mwa Mperekezi wamkulu. Liwu lakuti *goodbye*, limene timaliponya mwachangu pomaliza foni, ndi pemphero lofupikitsidwa. M'zaka za m'ma 1500 Angerezi ankati *God be with ye*, Mulungu akhale nanu, ndipo pakamwa panapitiriza kulidya mpaka linatsala mmene tikulimvera leromu. *With* ali m'kati mwake ngakhale sakuoneka. Ife timati pitani bwino, tsalani bwino. Mtswana amati *tsamaya sentle*, *sala sentle*. Mperekezi aliyense ali ndi pamene amalekezera. Mayi amalekezera padepoti ya mabasi ya Wenela ku Blantyre. Mkazi amalekezera pageti, pamene mwamuna akuthamangira basi ya m'bandakucha, chipewa cholimba chili m'khwapa. Pa 27 Novembala 2023, chikepe cha pa shafuti nambala 11 ya Impala chinatsetsereka chikukweza anthu oweruka kuntchito, ndipo anthu 13 anamwalira. Mabanja awo anali atatsanzikana nawo ngati masiku onse. Choncho tisamatuluke m'nyumba titafufuma, osayankhulana. Kupita bwino kumene timafunirana m'mawa tizikunena ndi mtima wonse.

Ndipo mmodzi wa ife akagona kuno kutali, timadziwa chochita. Kope limayenda khomo ndi khomo, uthenga umazungulira m'magulu a m'mafoni, wina R50, wina R200, wina amene sali pantchito amabweretsa manja ake kudzaphika pasiwa. Bokosi limakwezedwa m'ngolo yokokedwa ndi galimoto, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa pa Zambezi ku Tete, Zobue, mpaka kulowa pa Mwanza. Pamakhala awiri kapena atatu amene asiya ntchito masiku angapo kuti akapereke thupi m'manja mwa eni mbumba. Sitinena kuti akukatula katundu. Timati akuperekeza m'bale wathu. Ndaona Atswana ndi Axhosa akulemba mayina awo m'kope limenelo, ndipo ifenso tiyenera kumapezeka pamaliro awo Loweruka m'mamawa, abambo titavala jekete, amayi atafunda kumutu ndi m'mapewa, monga mwa mwambo wa kuno.

Abale anga a ku Photsaneng, ku Thekwane, ku Mfidikwe, ndi kulikonse kumene mukuwerengera mawu ano, tisadikire kope la maliro. Pamzere wa zipinda zanu pali wina amene simunamuone pampopi masiku atatu. Madzulo ano mukaweruka, kagogodeni pakhomo pake.